Magazi akunena zina, chiweto chikuonetsa zina: mmene mungathanirane ndi zotsatira zosokoneza za fibrinogen, CRP ndi SAA

Aliyense amene amayeza magazi a ziweto amakumana ndi vuto ili mobwerezabwereza. Ng'ombe yagona, yasiya kubzikula, thupi latentha, koma fibrinogen, puloteni ya m'magazi imene imakwera m'thupi mukakhala kutupa, yatuluka yabwinobwino. Tsiku lina ndi galu: akudya, akugwedeza mchira, koma CRP, puloteni ina yotere, yakwera moti mwini wake sakugona tulo. Zikatere, ena amataya pepalalo n'kunena kuti makinawo ndi onama. Ena amangokhulupirira nambala, n'kutenga botolo la oxytetracycline, mankhwala olimbana ndi mabakiteriya. Onsewa akulakwira chiweto, chifukwa kawirikawiri kusagwirizanako kumakhala ndi chifukwa chake chodziwika, ndipo mungachipeze musanabaye jakisoni aliyense.

Tikumbutsane kaye kumene mapuloteni amenewa amachokera. Penapake m'thupi pakavulala kapena pakalowa tizilombo, maselo oyera a pamalopo amatulutsa timithenga, makamaka IL-6, IL-1 ndi TNF. Timithengati tikafika kuchiwindi, chiwindi chimasintha ntchito. Chimachulukitsa mapuloteni otchedwa CRP, SAA, haptoglobin, fibrinogen ndi AGP, n'kuchepetsa ina yotchedwa albumin. Choncho chimene mukuyeza si matendawo ayi, koma yankho la chiwindi. Chilichonse chimene chingasokoneze yankholo, kapena kusokoneza magazi atachoka kale m'thupi, chidzasokonezanso nambala yanu.

Puloteni imeneyi ndi ya nyama iti?

Apa m'pamene ambiri amagwera, ndipo n'zomveka. CRP inadziwika koyamba mwa anthu, mu 1930, pamene William Tillett ndi Thomas Francis anaipeza m'magazi a odwala chibayo ku Rockefeller Institute, ku New York. Popeza zipatala za anthu zimaigwiritsa ntchito kwambiri, timaganiza kuti imagwira pa nyama iliyonse. Sichoncho. Mwa galu, CRP ndi yodalirika kwabasi: galu wathanzi amakhala nayo yochepa, kawirikawiri pansi pa 10 mg/L, ndipo akadwala ikhoza kupitirira 100. Mwa mphaka, ng'ombe ndi kavalo simasuntha mokwanira kuti muidalire. Kwa mphaka yezani SAA kapena AGP. Kwa kavalo, SAA ndi fibrinogen. Kwa ng'ombe, mbuzi ndi nkhosa, haptoglobin, SAA ndi fibrinogen. Kwa nkhumba, haptoglobin, CRP ndi ina yotchedwa pig-MAP.

Ngakhale mwasankha puloteni yoyenera, onaninso bokosi la zoyezerazo. Zambiri zimagwira ntchito ndi ma antibody (tinthu togwira puloteni imene ikuyezedwa) amene anapangidwira puloteni ya nyama inayake. Zoyezera CRP ya munthu zilipo zina zimene zimagwirako ya galu, zina zimagwira pang'ono, zina sizigwira n'komwe. Mukapempha mnzanu wa ku labu ya chipatala cha anthu kuti akuyezereni magazi a galu, n'kukupatsani nambala yotsika, nambalayo siikutsimikizira kuti galuyo ali bwino. Ngati pepala la m'bokosi silinatchule nyama imene mukuyeza, zotsatirazo musazilembe m'kaundula ngati zenizeni.

Kabotolo ndi ulendo wa magazi

Fibrinogen ndi imene imaundanitsa magazi. Magazi akaundana, yatha, yasanduka ulusi wa m'chibulumacho. Ndiye mu seramu (madzi otsala magazi akaundana), yochokera m'kabotolo ka chivindikiro chofiira, mulibe fibrinogen ngakhale ng'ombeyo itadwala chotani. Pamafunika plasma (madzi a magazi amene sanaundane), ya m'kabotolo ka EDTA (mankhwala oletsa magazi kuundana), kaja ka chivindikiro cha pepo. Ndipo ngakhale m'kabotolo koyenerako, mukachedwa kusakaniza magazi ndi mankhwala a m'katimo, mumapangika timibulu ting'onoting'ono timene timadya fibrinogen mwakachetechete. Musanayeze, pendeketsani kabotolo pa kuwala muone m'mbali mwake. Mukaona kambulu, katengeninso magazi ena.

Kabotolo kosadzaza nakonso n'kovuta. Mukathira timagazi tochepa m'kabotolo kakakulu, EDTA imachuluka, ndipo refractometer, kachipangizo koyezera puloteni mu plasma, imaiwerenga ngati puloteni. Dzazani mpaka pa mzere.

Kenako pali kusweka kwa maselo ofiira. Singano yaing'ono kwambiri, kukoka sirinji mwamphamvu, kufinyira magazi m'kabotolo kudzera pa singano, kugwedeza kabotolo m'malo mokatembenuza pang'onopang'ono, zonsezi zimaswa maselo. Onjezani ulendo wa panjinga yamoto mumsewu wa mabampu, m'kutentha kwa ku Chikwawa kapena ku Nsanje mu Okutobala, kabotolo kali m'thumba la malaya. Pofika ku labu plasma imakhala itafiira. Kuika kabotolo mogundana ndi ayezi nakonso kumaswa maselo, choncho kakulungeni ndi pepala kapena kansalu musanakaike m'bokosi lozizira. Plasma yofiira imasokoneza kwambiri haptoglobin, chifukwa ntchito ya puloteni imeneyi ndi kugwira haemoglobin (puloteni yofiiritsa magazi) yotayika, ndipo njira yodziwika yoiyezera imadaliranso haemoglobin yomweyo. Ngati magazi akupita kutali, monga ku Central Veterinary Laboratory ku Lilongwe, ndi bwino kupatula seramu kapena plasma musanatumize. Ikapatulidwa imasungika masiku angapo m'firiji, ndipo miyezi ingapo ikaumitsidwa pa madigiri 20 pansi pa ziro. Chimene simafuna ndi kusungunuka n'kuumanso kangapo, zomwe zimachitika mosadziwika magetsi akamathimathima.

Plasma yoyera ndi mafuta, imene timaiona kwa agalu amene angodya kumene, imasokoneza refractometer komanso makina amene amawerenga kuchita mbuu kwa madzi. Mukatha kudikira, tenganinso magazi galuyo atakhala osadya usiku wonse.

Fibrinogen ya pa madzi otentha

Ndikhalitsa pano chifukwa iyi ndi njira imene ambirife tingaikwanitse, ndipo pa ng'ombe ndi yamtengo wapatali. Ng'ombe ilibe nkhokwe yaikulu ya maselo oyera otchedwa ma neutrophil m'mafupa ngati galu. Kutupa kukayamba mwamphamvu, maselo oyera amathamangira pamalopo n'kuchepa m'magazi, moti kuwerenga maselo oyera kokha kukhoza kukusocheretsani. Fibrinogen imakuuzani zomveka kuposa pamenepo.

Njira yake ndi iyi. Dzazani timachubu tiwiri topyapyala, tija ta haematocrit, ndi magazi a EDTA osakaniza bwino, mutseke ndi dongo lake, muzunguze pa centrifuge mphindi 5. Kamodzi mukathyole pamwamba penipeni pa kamzere koyera kaja ka pakati pa maselo ofiira ndi plasma, mudonthezere plasma pa refractometer, mulembe nambala. Kachiwiri mukaviike m'madzi a madigiri 56 mpaka 58 kwa mphindi 3. Mukakatulutsa mudzaona plasma, imene mwa ng'ombe yodya msipu imakhala yachikasu koma yoonekera, yachita mbuu ngati madzi otsukira mpunga. Imeneyo ndiyo fibrinogen yaundana. Zunguzaninso, idzakhazikika pansi ngati kamkanda koyera pamwamba pa maselo. Thyolani pamwamba pa kamkandako, muwerenge. Kusiyana kwa nambala ziwirizo ndiko fibrinogen. Ng'ombe yathanzi imakhala ndi 3 mpaka 7 g/L, kavalo 1 mpaka 4 g/L.

Zimene zimalakwika n'zambiri, ndipo pafupifupi zonse zimachokera ku madzi otenthawo. Amene alibe chotenthetsera chokhazikika amagwiritsa ntchito fulasiki kapena kapu, ndipo palibe cholakwika, bola themomita ikhale m'madzimo nthawi yonseyo. Madzi a m'kapu amazizira msanga. Akatsika pansi pa 56, fibrinogen siundana yonse ndipo mudzapeza nambala yotsika. Akapitirira 60, mapuloteni ena amayamba kuundana nawo, nambala n'kukwera mwabodza. Kuyesa ndi chala sikuthandiza. Onetsetsaninso kuti plasma yonse ya m'kachubu yamira, chifukwa imene yatsala pamwamba pa madzi sinatenthedwe. Pothyola kachubu kachiwiri musagwedeze kamkandako, chifukwa kakasakanikiranso ndi plasma ndiye kuti ntchito yonse yapita pachabe.

Refractometer nayo imafuna kuisamala. M'mawa uliwonse donthezani madzi osungunula, aja a distilled, muone ngati mzere wakhala poyambira penipeni. Pukutani galasi liume musanaike dontho lachiwiri, chifukwa kadontho ka madzi kotsalira kamasungunula plasma n'kukupatsani fibrinogen imene kulibe. Mzere wa pakati pa mdima ndi kuwala ukakhala wosalongosoka, ganizirani mafuta, maselo osweka kapena dontho lochepa. Muzikumbukiranso kuti njirayi ndi yongoyerekeza. Ma refractometer ambiri a m'manja ali ndi timizere totalikirana 2 g/L, ndipo inu mukuchotsera nambala ina pa inzake, iliyonse ili ndi kulakwika kwake. Kusiyana kwa 6 ndi 7 sikutanthauza kanthu. Kusiyana kwa 6 ndi 12 n'kwenikweni. Ndipo njirayi singakuuzeni kuti fibrinogen yatsika kwambiri. Pamenepo pamafunika njira ya ku labu yoyeza kuundana kwa magazi.

Chotsatira ndi kuchepa kwa madzi m'thupi. Ng'ombe yotsekula m'mimba kapena imene yakhala osamwa, magazi ake amalimba, ndipo mapuloteni onse amaoneka okwera, fibrinogen yomwe. Njira yosiyanitsira ndi kugawa puloteni yonse ya mu plasma ndi fibrinogen. Mwa ng'ombe, yankho likakhala pansi pa 10, fibrinogen yakweradi chifukwa cha kutupa. Likapitirira 15, palibe umboni wa kutupa. Tiyerekeze kuti kachubu koyamba kawerenga 78, kachiwiri 68. Fibrinogen ndi 10, ndipo 78 kugawa ndi 10 ndi 7.8: ng'ombeyo ili ndi kutupa, kafufuzeni. Koma ngati koyamba ndi 96, kachiwiri 88, fibrinogen ndi 8, yankho ndi 12. Apa simunganene kalikonse. Ipatseni madzi, muyezenso mawa. Mwa kavalo malire ake ndi ena, pansi pa 15 ndi pamwamba pa 20.

Fibrinogen ikafika 10 g/L kapena kuposa mwa ng'ombe yamkaka imene yasiya kudya mwadzidzidzi, mkaka watsika, ikuyenda yopinda msana ndipo ikubuula mukaitsina pa linunda, ganizirani waya kapena msomali umene wabowola chifu. M'makola a ng'ombe zodyera m'khola, monga a alimi a mkaka a ku Thyolo ndi ku Chiradzulu, udzu wodula umabwera ndi zambiri. Koma chibayo, chiberekero chovunda ndi bere lotupa kwambiri zimakweza fibrinogen chimodzimodzi, ndiye manja anu ndi makutu anu ndi amene asankhe pakati pa zimenezi.

Mwatenga magazi tsiku liti?

Mapuloteniwa sayendera limodzi. CRP ya galu imayamba kukwera pakangotha maola 4 mpaka 6, imafika pachimake pa tsiku limodzi kapena awiri, ndipo imatsika msanga vuto likatha. SAA nayo ndi yachangu chomwecho, ndipo mwa kavalo imatha kuchoka pafupi ndi ziro n'kukwera kambirimbiri, nthawi zina mpaka ka 1,000. Fibrinogen ndi yochedwa: imafuna tsiku limodzi kapena awiri kuti iyambe kuoneka, imakwera pang'ono chabe, mwina kawiri kapena katatu, ndipo imatenga masiku ambiri kuti ibwerere.

Izi zokha zimafotokoza zambiri mwa zotsatira zosokoneza. Ng'ombe imene yadwala m'mawa uno ikhoza kukhala ndi fibrinogen yabwinobwino masana, osati chifukwa ili bwino koma chifukwa mwafulumira. Kavalo amene wachira sabata yatha akhoza kukhalabe ndi fibrinogen yokwera pamene SAA yabwerera kale pansi, ndipo kupitiriza mankhwala chifukwa cha fibrinogen yokhayo n'kuwononga ndalama za mwini wake. Funsani mwiniyo bwinobwino kuti chiwetocho chinayamba liti kusintha, osati tsiku limene anaganiza zokuitanani. Masiku awiriwa amasiyana kawirikawiri.

Nambala yakwera koma chiweto chikuoneka bwino

Musanayambe kufunafuna matenda obisika, funsani zimene zachitika sabata imeneyo. Ng'ombe imene yangobereka kumene imakhala ndi haptoglobin ndi SAA zokwera kwa masiku angapo ngakhale zonse zitayenda bwino. Zimadetsa nkhawa zikapitirira kukwera, kapena ngati nsengwa inatsalira. Galu wa bere amakhala ndi CRP ndi fibrinogen zokwera chapakati pa berelo, ndipo izi n'zofunika kuzikumbukira chifukwa nthawi yake ndi yomweyo imene timakayikira mafinya m'chiberekero, masabata angapo galu atasiya kuyendedwa. CRP singasiyanitse ziwirizi. Pamafunika kuunika m'mimba. Kufula, kudula nyanga, katemera, ulendo wautali pa lole, jakisoni wa mankhwala olusa amene watupitsa mnofu, ngakhalenso kuthamanga kwadzaoneni kwa galu wosaka, zonsezi zikhoza kukweza mapuloteniwa kwa kanthawi.

Mankhwala nawo amalowererapo. Galu amene akumwa prednisolone amakhala ndi haptoglobin yokwera popanda kutupa kulikonse, ndiye pa galu wotere yezani CRP.

Pambuyo pa opaleshoni, CRP ya galu imayenera kukwera. Nambala ya tsiku lotsatira siikuuzani zambiri. Chimene mukufuna kuona n'chakuti pofika tsiku lachitatu kapena lachinayi yayamba kutsika. Ikaima pomwepo, kapena ikatsika n'kukweranso, onani bala, onani m'mimba. Apa CRP imaposa themomita, chifukwa mankhwala ochepetsa ululu monga meloxicam amatha kubisa kutentha kwa thupi koma satsitsa CRP kwenikweni.

Zonsezi zikakhala kuti palibe, ndipo mwayezanso patapita masiku awiri n'kupeza nambala idakali pamwamba, ikhulupirireni. Ziweto zimabisa ululu, makamaka amphaka ndi ng'ombe. Yang'anani m'kamwa, mverani mapapo, kamani bere lililonse palokha, gwirani mfundo za miyendo ndi timabulu ta m'khosi, pakani magazi pa galasi muone tizilombo ta nkhupakupa.

Chiweto chikudwala koma nambala ili pansi

Mukatsimikiza kuti puloteni ndi yoyenera, kabotolo n'kabwino ndipo simunafulumire, patsala zifukwa zingapo. Kutupa kumene kwakhala malo amodzi sikufikitsa uthenga wokwanira kuchiwindi. Chithupsa chakale chimene chadzimangira khoma, kapena matenda a m'chikhodzodzo mwa galu amene sanakwere kufika ku impso, kawirikawiri sizikweza CRP. Mwa ng'ombe, kutupa kwa bere kosaonekera kumadziwika bwino mumkaka kusiyana ndi m'magazi, chifukwa bere limapanga lokha mtundu wake wa SAA. Chiwindi chimene chawonongeka kwambiri sichingapange mapuloteniwa mokwanira ngakhale uthenga utafika. Ndipo matenda ena alibe kutupa n'komwe: ng'ombe imene yagwa itangobereka chifukwa cha kuchepa kwa kashiamu, kapena mbuzi imene yadya chomera chakupha, ikhoza kufa fibrinogen ili pakatikati.

Pali zifukwa ziwiri zoopsa zimene ndikufuna muzikumbukire. Choyamba, puloteni ikhoza kumapangidwa yambiri koma n'kumatha msanga. Pa matenda amene amaswa maselo ofiira m'mitsempha, monga babesiosis ija imafiiritsa mkodzo, haptoglobin imagwira haemoglobin n'kuchotsedwa nayo m'magazi, ndiye ikhoza kusakwera mmene mumayembekezera. Pa chiweto chimene magazi ayamba kuundana paliponse m'mitsempha, vuto lija timati DIC, fibrinogen imadyeka. Kavalo kapena ng'ombe imene ikuipiraipira, fibrinogen yake n'kutsika kuchoka pamwamba mofulumira, sikuti ikuchira ayi. Onani nkhama ngati zili ndi timadontho ta magazi, onaninso ngati pobaya singano pakuchedwa kuuma.

Chachiwiri chili m'makina. Zoyezera zina zodalira ma antibody zimasokonezeka puloteni ikachuluka mopitirira muyezo, n'kuonetsa nambala yotsika. Zimachitika makamaka ndi SAA ndi CRP chifukwa zimakwera kwambiri. Mukakayikira, sungunulani seramu monga mwa malangizo a m'bokosi, muyezenso, muchulukitse yankho. Ngati yosungunulayo yatulutsa nambala yaikulu kuposa yoyamba, vuto linali limeneli. Pomwepo onaninso tsiku lotha ntchito, ndiponso ngati zoyezerazo zinasungidwa mozizira monga zinalembedwera. Zochokera m'firiji zimafuna kukhala kaye panja pang'ono musanazigwiritse ntchito.

Za albumin ndinena mwachidule. Imatsikadi pa kutupa, koma pang'onopang'ono, pa sabata kapena kuposa, ndipo imatsikanso ndi njoka za m'mimba, nyongolotsi za m'chiwindi, impso zotaya puloteni ndi njala. Mbuzi yotupa pansi pa chibwano m'nyengo ya mvula, yambani mwayang'ana m'zikope ndi ndowe. Puloteni yonse yooneka yabwinobwino ikhozanso kubisa albumin yotsika ndi globulin (gulu lina la mapuloteni a m'magazi) yokwera, monga zimachitikira pa kaodzera wa ng'ombe m'madera a kashembe. Mwa mphaka wotupa mimba, albumin kugawa ndi globulin kukapereka pansi pa 0.4, ndipo AGP ikapitirira 1.5 g/L, zimalimbikitsa maganizo a FIP, matenda a amphaka oyamba ndi vayirasi, koma sizitsimikiza pazokha.

Nanga maantibayotiki?

Apa m'pamene ndimadandaula kwambiri. Palibe puloteni ngakhale imodzi mwa izi imene imanena kuti vuto ndi mabakiteriya. CRP ya galu imapitirira 100 mg/L pa parvo (matenda a vayirasi), pa babesiosis, pa kutupa kwa kapamba, pa khansa zina, pa matenda amene thupi limadziukira lokha, ndiponso galu akagundidwa ndi galimoto. Haptoglobin ya ng'ombe imakwera pa East Coast fever, nthenda yofalitsidwa ndi nkhupakupa, imene mankhwala ake enieni ndi buparvaquone kapena parvaquone. Mukangoona nambala n'kubaya penicillin, mwataya masiku amene ng'ombeyo ikanapulumukira, mlimi wataya mkaka umene sayenera kugulitsa m'masiku a mankhwalawo, ndipo mwathandiza tizilombo kuzolowera mankhwala amene tonse tikuwadalira.

Pamene mapuloteniwa amathandiza zedi ndi pa kutsatira chithandizo. Yezani tsiku loyamba musanapereke mankhwala, mulembe puloteni, mtundu wa kabotolo, makina, ola ndi maonekedwe a plasma. Yezaninso ndi makina omwewo, chifukwa nambala za makina osiyana sizifanana. Kwa CRP ndi SAA dikirani maola 48 mpaka 72. Ngati zatsika ndithu, chithandizo chikugwira, ngakhale chiweto chisanayambe kudya bwino. Ngati sizinasunthe, bwererani kuchiwetocho mukachiyezenso kuyambira kumutu mpaka kumchira musanasinthe botolo. Kwa fibrinogen dikirani masiku 5 mpaka 7, ndipo tsiku lililonse loyeza muziwerenganso puloteni yonse ya mu plasma kuti kuchepa kwa madzi kusakunamizeni.